Malata Ofa

Ndimagula malata ofa pano pa Bangula.
Amabwera nawo panjinga, opindika
ngati chikopa cha mbuzi choiwalika padzuwa.
Ndimayeza ndi maso, ndimatchula mtengo.
Chaka chino palibe wonenerera.

Kamvuluvulu tinkamudziwa kale.
Mu Okutobala ankayenda m'minda ya thonje yozulidwa
akutola mapesi, mapepala a shuga, nthenga za nkhuku,
ana akumuthamangitsa ndi phwete,
iye n'kukafera pampanda wa sukulu.
Tinkati ndi mwana wa fumbi.
Sitinkadziwa kuti ali ndi bambo wake.

Bamboyo anafika Lachinayi, ana akuweruka.
Kutentha kunali kwa masiku onse,
kuja kokanitsa mbuzi msipu,
koma mbalame zinali zii.
Cha ku Chiromo kunada bii, kenaka kunabiriwira
ngati ndulu ya mlamba,
mtambo n'kutsitsa mwendo umodzi, kuponda m'dambo.
Unamwa madzi, unamwa bango.
Bwato la a Jofesi Mainato tinaliona
likudutsa pamwamba pa migwalangwa
lopanda wopalasa.

Za phokoso musandifunse.
Okumbukira sitima amati ngati sitima.
Ine ndinalimva m'mano.

Madzi a tiyi amene ndinatereka
anali asanawire, zonse zitatha.

Ankasankha ngati wogula nsomba pamsika:
iyi ayi, iyi inde, iyi ndi inzake yomwe.
Khola la nkhunda la a Semba analisiya chilili,
mazira osasweka,
tchalitchi cha njerwa zootcha n'kuchisenda ngati nthochi.
Mlambe wa pamphambano unagwa chagada
madzi akutuluka m'mimba mwake.

Lata ili la utoto wobiriwira n'la a Fombe,
ndinakhoma ndine, mabowo a misomali yanga ndi awa.
Linadya thonje la zaka zitatu.
Analitola kutsidya, cha ku Makhanga.
Eni ake sanapite patali,
tinawapeza pansi pa khoma lawo.

Ili lili ndi dzimbiri pakona
ndi banga lina losakhala dzimbiri.
Silinabwere panjinga. Ndinakalitola ndekha
panjira ya kusukulu, pamene Ntsayi wanga
ankathamangira kunyumba,
buku la masamu m'kati mwa diresi kuti lisanyowe.
Mvula yake sinagwe n'komwe
mpaka usiku.

Anabwera a galimoto yoyera ndi zolembera.
Anawerenga madenga, anawerenga mbuzi, anawerenga ife.
Mnyamata wina wamagalasi, waulemu wake ndithu,
anati kumaiko akutali kuli akamvuluvulu
opha anthu chikwi tsiku limodzi,
wathuyu ngwamng'ono, sangalowe m'kaundula wa akuluakulu.
Ankafuna kunditonthoza, ndikudziwa.
Ndinamufunsa ngati m'kaundulamo muli malo
olembapo kuti mwana anali ndi mpata m'mano,
kuti ankaopa abakha.
Anayang'ana nsapato zake.

Ndiye ndimawongola, ndimadula, ndimapinda milomo.
Mbaula, zothirira kudimba, ndowa.
Denga la dzulo lasanduka ndowa,
madzi amene linkakana lero likusunga.
M'mawa amayi amachokera kumjigo
atasenzanso nyumba zawo pamutu.
Mayi a kwa Fombe anagula yobiriwira ija,
sananene kanthu, nanenso sindinanene,
chenji ndinabweza yonse ndi ndalama yawo yomwe.

Lata limodzi lokha sindidula.
Latsamira kuseri kwa shedi,
kukabwera kamphepo ka madzulo kochokera ku Shire
limang'ung'udza pang'onopang'ono.
Amake Ntsayi amati kaliponye mumtsinje.
Ndimati mawa.

Dzulo kamwana ka fumbi kanadutsanso pamsika
kakuvina ndi jumbo yakuda.
Palibe mwana anakathamangira.
Nyundo yanga inaima m'malere,
ogulitsa mapira anagwira mitanga yawo,
msika wonse maso kumwamba, cha ku Chiromo,
kufikira kanakafera pa njanji yakale
jumbo n'kutera pansi, yokha.